Kabureta yaikulu pa Datsun 120Y: idzakoka kapena idzangomwa petulo?

Funso: Ndili ndi Datsun 120Y imene anasiya malemu bambo anga. Injini ndi yomwe ija ya A12, ndinangosintha maring'i ndi mabeyaring'i chaka chatha. Kabureta yake yatopa. M'mawa galimoto imavuta kulira, idling sikhazikika, ndipo pachitunda imafooka. Mnzanga wandipezera makabureta awiri a Weber, ina ndi 32/36 yochoka pa Cortina, ina ndi 38 yochoka pa Ford ya V6. Iye akuti nditenge yaikuluyo chifukwa mpweya ukachuluka mphamvu imachulukanso. Kodi saizi yoyenera injini yaing'ono ngati iyi ndi iti, ndipo munthu amaidziwa bwanji? Ndine wowerenga wa ku Kapata, kuno ku Chipata.

Yankho: Bambo, ya 38 ija ibwezeni kwa mwini wake musanalipire ngakhale ngwee imodzi. Ya 32/36 tingakambirane, ngakhale kuti nayonso yakulirapo injini yanu. Imene ndingakusankhireni ine ndi kabureta ya Hitachi yomwe muli nayoyo itakonzedwa bwino, kapena ina ya saizi yomweyo. Ndikudziwa kuti yankho lotere silikoma m'khutu mwa munthu amene wagwira kale Weber m'manja n'kuona kukongola kwake, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone nokha pamene mnzanuyo wasokonezera.

Kabureta sikankhira mpweya mu injini. Injini ndiyo imakoka, ndipo imakoka mlingo umene masilinda ake angalandire basi. Injini ya masitiroko anayi imadzaza silinda iliyonse kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. A12 yanu ndi ya 1,171 cc, kapena kuti malita 1.171. Ikamathamanga pa 6,000 rpm, kutanthauza kuzungulira maulendo 6,000 pa mphindi, masilinda onse anayi amadzaza maulendo 3,000 pa mphindi, ndipo 1.171 kuchulukitsa ndi 3,000 tipeza malita 3,513 a mpweya pa mphindi. Koma injini wamba sidzaza silinda mpaka pakamwa. Mpweya umachedwa m'makona a manifodi ndi pa mavalavu, moti pa injini yosasinthidwa timawerengera kuti imadzaza magawo pafupifupi 80 pa 100. Zikatero tatsala ndi malita 2,800 pa mphindi. Amenewa ndiwo malire a njala ya injini yanu, ndipo imafika pamenepo pokhapokha mutaikalipitsa mpaka kumapeto, chinthu chimene ndikukhulupirira simuchita kawirikawiri ndi galimoto ya malemu bambo anu.

Mukamawerenga pa intaneti mudzakumana ndi muyeso wa CFM umene amakonda a ku America. CFM imodzi ndi malita 28.3 pa mphindi, choncho malita 2,800 aja ndi CFM pafupifupi 100. Musataye nawo nthawi yambiri manambala amenewa. Makabureta a mimero iwiri amayesedwa pa kukoka kwa mainchi 3 a mercury, a mimero inayi pa mainchi 1.5, ndiye nambala yomweyo pa makabureta awiri siitanthauza chinthu chimodzi. Komanso ogulitsa amakonda nambala yonenepa. Kwa ife a tiinjini ting'onoting'ono, chimene chimatithandiza ndi mamilimita a venturi.

Mukachotsa sefa ya mpweya n'kusuzumira mu mmero wa kabureta, muona kuti pakati pake ndi popanikizika, ngati chiuno. Pamenepo ndiye pa venturi. Mpweya ukafika popanikizikapo umawonjezera liwiro, ndipo ukathamanga choncho mphamvu yake yokankha m'mbali imatsika. Kutsika kumeneko ndiko kumayamwa petulo kuchokera m'mbale ya fuloti, kudzera mu jeti, kabowo koyesa mlingo wa petulo, n'kumumwaza mu mpweya. Pitani kwa anyamata opopera penti magalimoto mukaone gani ija yokhala ndi kachitini pansi. Mpweya ukamadutsa mwamphamvu pamwamba pa kapaipi, penti amakwera yekha n'kutuluka ngati nkhungu. Kompresa ikafooka, penti amatuluka madontho akuluakulu kapena osatuluka n'komwe. Petulo amachitanso chimodzimodzi, ndipo madontho akuluakulu a petulo sapsa bwino. Ena amakakamira m'makoma a manifodi, ena amalowa mu silinda ali amadzimadzi n'kutuluka ngati utsi wakuda.

Vuto lalikulu n'lakuti kuyamwa kumeneku kumagwa mofulumira kuposa liwiro. Liwiro la mpweya likatsika ndi theka, kuyamwa kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Tiyeni titenge nthawi imene mumaidziwa bwino: mwakhota pang'onopang'ono, muli mu giya yachitatu, injini ili pa 2,000 rpm, kutsogolo kuli chitunda, ndiye mwaponda moto. Pamenepo injini ikufuna malita pafupifupi 940 pa mphindi. Mmero woyamba wa Hitachi yanu uli ndi venturi ya mamilimita pafupifupi 20, ndipo mpweya umenewo umadutsamo pa liwiro la mamita 50 pa sekondi. Weber 38 ija ili ndi maventuri awiri a mamilimita 27 amene amatseguka nthawi imodzi. Mpweya womwewo ukagawikana m'mimero iwiri yaikulu choncho, liwiro limagwa kufika pa mamita 14 pa sekondi. Kuyamwa kwatsika kuposa kakhumi. Zoona, mkati mwa venturi muli inzake yaing'ono yothandizira, choncho manambalawa ndi ongoyerekezera, koma chithunzi chake sichisintha. Mwatsegula khomo lonse, mpweya walowa waulesi, petulo sanautsatire, injini yatsamwa. Imayamba yagwa mphwayi, mwina kutsokomola m'kabureta, kenako ikakwera marevu ndi pamene imadzidzimuka. Kudzidzimuka kumeneko ndiko kumanamiza anthu. Munthu amamva galimoto ikumukankha pamsana n'kunena kuti yapeza mphamvu, pamene yangobwerera pamene inayenera kukhala kuyambira poyamba.

Opanga makabureta anaika kapampu kamene kamathira petulo mwachindunji mukaponda moto, kuti kabise mpata umenewu. Pa 38 ija kapampuko kanayesedwa kuti kadyetse injini ya malita atatu ya masilinda asanu ndi limodzi. Pa A12 petulo ameneyo ndi wochuluka kwambiri. Wotsala amatsuka oilo m'makoma a masilinda, amatsikira mu sampu, ndipo maring'i amene munalipira chaka chatha aja ayamba kudyeka msanga. Mukasolola dipisitiki n'kumva fungo la petulo, kapena oilo akuoneka ngati akuchuluka m'malo mochepa, dziwani kuti zimenezi zayamba.

Tsopano manambala olembedwa pa kabureta. Pa Weber, 32/36 ndi kukula kwa mimero pansi, pamene pali tizitseko ta batafulayi: woyamba mamilimita 32, wachiwiri 36. Maventuri ake nthawi zambiri ndi 26 ndi 27, ndipo manambalawa amaumbidwa pambali pa thupi lake, mungathe kuwawerenga mutapukuta litsiro. Hitachi ya pa A12 mimero yake ndi 26 ndi 30. Taonani chinthu chimene ambiri sachiona: 26 ndi 27 pa 32/36, 27 ndi 27 pa 38. Mukaponda moto mpaka pansi, makabureta awiri a mnzanuwo ndi ofanana pafupifupi. Kusiyana kwawo kuli pa katsegukidwe. Pa 38 ija tizitseko tonse tiwiri timayendera limodzi kuyambira pachiyambi. Pa 32/36 mmero woyamba umagwira ntchito wokha mpaka phazi litadutsa magawo awiri mwa atatu a ulendo wake, ndi pamene wachiwiri umayamba kutseguka. Choncho mukamayenda m'tauni, kuchoka ku Kapata kupita ku Down Shops, kapena pa msewu waukulu pa makilomita 80 pa ola injini ili pafupi ndi 3,000 rpm, mukupuma ndi venturi imodzi ya 26. Pa chitsanzo chathu chija liwiro la mpweya likhala mamita 29 pa sekondi. Ndi lochepa poyerekeza ndi 50 wa Hitachi, koma galimoto imayenda nalo.

N'chifukwa chake 32/36 imapezeka pa ma Datsun, ma Corolla ndi ma Escort ambiri, ndipo eni ake sadandaula kwambiri. Koma ili ndi khalidwe limene muyenera kulidziwa musanaikwatire. Mmero wake wachiwiri umatsegulidwa ndi chitsulo cholumikizidwa ku phazi lanu, sufunsa ngati injini yakonzeka. Mukaponda mpaka pansi pa 2,000 rpm, mwabwerera ku vuto la 38 lija. Hitachi ndi yochenjera pamenepa. Mmero wake wachiwiri umadikira kuti mpweya uchuluke kaye, pa ena kudzera pa kachitseko kokhala ndi kachitsulo kolemera, pa ena kudzera pa dayafulamu yoyendera vakyumu. Mungaponde mwaukali bwanji, iyo imadzisunga yaing'ono mpaka injini itafunadi zambiri. Ndi Weber ntchito imeneyo igwera phazi lanu: kuponda mwaulemu, kutsitsa giya musanatsegule zonse.

Wina adzakuuzani kuti palibe vuto, tingoika majeti aang'ono kabureta ichepe. Jeti simachepetsa kabureta. Jeti imayesa petulo, venturi imayesa mpweya, ndipo pa 32/36 ndi pa 38 venturi inaumbidwira kumodzi ndi thupi, singachotsedwe. Kukula kwa jeti yaikulu kumatsatira kwambiri kukula kwa venturi kuposa kukula kwa injini. Amakanika a Weber ali ndi lamulo loyambira lakuti jeti yaikulu ikhale venturi kuchulukitsa kanayi, koma limeneli ndi la makabureta am'mbali a DCOE, ndipo pa 32/36 mudzapeza majeti a pafupifupi 140, kutanthauza bowo la mamilimita 1.40. Mukaika venturi yaikulu pa injini yaing'ono, kuyamwa kumakhala kofooka pansi, pa marevu otsika, ndiye mukachepetsa jeti kuti utsi wakuda uthe pamwamba, pa marevu okwera, pansi mpata uja umakula. Mukakulitsa kuti mpata utsekeke, pamwamba imamwa ngati yabooka. Makanika wodziwa amatha kupeza pakati, pogwiritsa ntchito jeti ya idling, jeti ya mpweya ndi kapampu kaja, koma ndi ntchito ya kuleza mtima ndipo imafuna bokosi la majeti limene si galaja iliyonse ili nalo.

Funso lina n'lakuti, kodi Hitachi ikuimana injini mpweya pamwamba? Pang'ono chabe. Mahosipawa 68 kapena 69 amene Datsun ankalemba pa A12 pa 6,000 rpm ankadutsa mu kabureta yomweyo. Kumbuyo kwa kabureta kuli manifodi ya mabowo aang'ono, mavalavu aang'ono, kamu yofatsa ndi paipi ya ekisozi yopyapyala. Mukakulitsa khomo loyamba lokha, makomo enawo akadali momwemo. Onani zimene a Nissan eni ake anachita atafuna mphamvu pa injini yomweyi. Pa Datsun 1200 GX anaika makabureta awiri a Hitachi a mtundu wa SU, koma anasinthanso hedi kukhala ya mabowo aakulu, anasintha kamu, anakweza kompuresheni, anasintha manifodi ya ekisozi, ndi pamene anapeza mahosipawa 83. Kabureta inali mbali imodzi ya ntchito yonseyo. Pa injini yanu monga ilili, 32/36 yoikidwa bwino ingakupatseni kamphamvu pang'ono kumapeto kwa marevu ndi phokoso lokoma pokoka mpweya. Ngati phokosolo ndilo mukufuna, si tchimo, bola mudziwe chimene mukugula.

Makabureta am'mbali a 40 DCOE, amene anyamata amawasirira pa zithunzi, ndi nkhani ina. Pamenepo silinda iliyonse imakhala ndi mmero wake, imayamwa mwa kamphindi kochepa koma mwamphamvu, choncho masamu athu a malita pa mphindi sagwira mofanana. Ubwino wake ndi wakuti venturi imasololedwa n'kusinthidwa. Pa injini ya 1200 kapena 1300 yokhala ndi kamu yaukali amayambira pa 28 mpaka 30. Koma pamafunika manifodi yake, kulinganiza makabureta awiri nthawi ndi nthawi, ndipo ambiri alibe potengera vakyumu ya distributor, ndiye petulo wa paulendo amakwera. Pa galimoto yopitira kutchalitchi ndi kumunda sindikuona chifukwa chake.

Owerenga ena ali ndi magalimoto ena akale, ndiye nditchuleko ziwiri zothandiza kuyerekezera. Volkswagen Beetle ya 1600, imene injini yake ndi 1,584 cc, imapuma ndi Solex 34 PICT-3 ya mmero umodzi, venturi ya mamilimita 26. Ndiye kuti mmero woyamba wokha wa 32/36 ukufanana ndi kabureta yonse ya injini yoposa yanu ndi 400 cc. Mini ya 998 cc inayamba ndi SU imodzi ya inchi ndi kota, pambuyo pake anaika ya inchi ndi theka. SU imakhululuka kukula chifukwa mkati mwake muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika yokha, kukulitsa kapena kuchepetsa njira ya mpweya malinga ndi njala ya injini. Weber ndi Solex za venturi yokhazikika zilibe chifundo chimenecho.

Pali chinanso chimene mabuku olembedwa kunja sakukumbutsani. Chipata ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Dar es Salaam. Kutentha kwa Okutobala kumaupeputsanso. Injini imakoka malita omwewo, koma mu lita iliyonse muli mpweya wochepa, choncho mphamvu imatsika pafupifupi mlingo womwewo ndipo palibe kabureta imene ingaibweze. Mbali ina ya kufooka kumene mukumva pachitunda ndi imeneyi. Komanso kabureta yoyesedwa kunyanja ikafika kuno imapereka petulo wochuluka ndi magawo pafupifupi 5 pa 100. Pa majeti a Weber, amene amasiyana ndi 5, zimenezo ndi sitepe imodzi kutsika, monga kuchoka pa 140 kupita pa 135. Musapitirire apo mwachisawawa. Tsiku lina mudzatsikira ku Mfuwe, kapena kuwoloka mlatho wa Luangwa popita ku Lusaka, kumene kuli kotsika kwambiri ndipo mpweya ndi wolemererapo. Injini imene mwaimana petulo kuno idzatentha kumeneko pokwera mapiri aja, ndipo valavu yopsa ndi yodula kuposa malita ochepa amene munapulumutsa.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti wolakwa ndi kabureta. Zizindikiro zitatu zimene mwatchulazo zimabweranso ndi mapointi odyeka, timing yochedwa, mavalavu othina kapena mpweya wolowera pa gasiketi. Yambani ndi kompuresheni, masilinda onse anayi akhale oyandikana, asasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Mavalavu a A12 amaikidwa pa mamilimita 0.35 injini ili yotentha. Onani mapointi ndi kondensa, ikani timing ndi nyali yake osati ndi khutu, ndipo yamwani kapaipi ka vakyumu kopita ku distributor muone ngati mbale ya mkati ikusuntha. Dayafulamu imene imakoka mbaleyo ikabooka, galimoto imafooka, imamwa petulo, ndiponso bowolo limalowetsa mpweya wosayesedwa. Makabureta ambiri abwino atayidwa m'magalaja chifukwa cha kachipangizo kameneka.

Zonsezo zikakhala bwino, bwerani pa Hitachi. Gwirani shafiti ya batafulayi, injini itazima, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Ikamasewera, mpweya ukulowera m'mbali mwake, ndipo ndicho chifukwa chofala cha idling yosakhazikika pa makabureta a zaka zimenezi. Palibe sikuluwu imene ingachiritse zimenezo. Mankhwala ake ndi kuika mabushi atsopano kwa anthu a makina osema zitsulo, ntchito imene ndi yaing'ono kwa wodziwa. Shafiti ikakhala yolimba, nthawi zambiri chotsala ndi litsiro: dzimbiri la m'thanki, zinyalala za petulo wa m'zigubu, utomoni wa petulo wokhalitsa ngati galimoto inaima nthawi yaitali bambo atamwalira. Imasuleni yonse, muiviike, muuzire tinjira tonse ndi mpweya wa kompresa. Waya asalowe mu jeti, chifukwa amakulitsa bowo koma nambala yolembedwapo n'kukhala yomwe ija, ndipo amene adzabwere pambuyo panu adzasokonezeka mutu. Ikani kiti yatsopano ya magasiketi, singano ndi mpando wake, ndi chikopa cha kapampu. Hitachi zambiri zili ndi kagalasi pambali pa mbale ya fuloti kokhala ndi chizindikiro, petulo aime pamenepo injini ikulira. Onaninso kuti choki ikutsekadi mpaka kumapeto mukakoka chingwe. M'mawa wa Juni ndi Julaye kuno, choki yotseka theka ndi yokwanira kukutherani batire.

Ngati thupi lake linasweka kapena linapindika pansi, funani ina ya banja lomwelo. Injini za A12 ndi A14 ndi pachibale, ndipo kabaki ka Nissan 1400 kanapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008, choncho zipangizo za injini zimenezi sizinasowe m'chigawo chathu chino. Tengani yakale ija popita kukagula kuti muyerekeze mabowo a mabauti, mbali imene chingwe cha moto chimakokera ndi mtundu wa choki. Zatsopano zotchipa zongotengera zilipo zambiri, zina zimagwira bwino, zina zimabwera ndi fuloti yosayesedwa ndi majeti amene nambala yake sigwirizana ndi bowo. Chimodzimodzi ndi Weber. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Edoardo Weber ku Bologna, ndipo zenizeni zakale zimalembedwa kuti zinapangidwa ku Italy, zapambuyo pake ku Spain. Yopanda dzina loumbidwa pathupi muiyese ngati mlendo, itseguleni muone mkati musanaimange.

Mukaumirirabe 32/36, ndipo ndikudziwa kuti mtima ukakonda chinthu masamu amachepa mphamvu, chitani bwino. Iyenso ndi yakale, ndiye igwedezeni shafiti monga tanenera, apo ayi mungosinthanitsa matenda. Pafunika adaputa pakati pa iyo ndi manifodi, yosalala mbali zonse ndiponso yosatseka mmero ndi milomo yake. Pa injini za A, manifodi yolowetsa ndi ya ekisozi zili mbali imodzi, ina pamwamba pa inzake, choncho kabureta imakhala pamoto. Kachidutswa kochindikala kotchinga kutentha kamene kali pansi pa Hitachi musakataye, chifukwa popanda iko petulo amawira m'mbale mukaima pamsika masana, ndipo galimoto imakana kulira mpaka itazizira. Chifukwa chomwecho paipi iliyonse ya petulo ikhale yatsopano ndi yomangidwa ndi kilipi, dontho likagwera pa ekisozi yotentha nkhani imakhala ina. Weber sifuna kukankhidwa kwambiri, mapaundi 3 kapena 3.5 pa sikweya inchi ndi okwanira, ndiye pampu ya injini yomweyo imatha, koma mukaika yamagetsi ya galimoto ya injekishoni idzasefukira. Yang'anani zilembo zotsatira nambala: DGV choki yake ndi ya chingwe, DGAV ndi ya madzi otentha a injini, DGEV ndi yamagetsi. Ya chingwe ndiyo yosavuta pa 120Y. Ikani sipuling'i yobwezera moto yodalirika, ndipo wina aponde mpaka pansi inu mukuyang'ana ngati mimero yonse ikutseguka ndi kubwerera popanda kukodwa.

Ndiye pali tisefa tonyezimira tija timene timabwera ndi Weber. Pa fumbi la Ogasiti mpaka mvula itagwa, m'misewu ya dothi ya ku Chadiza kapena kulowera kumidzi ya ku Vubwi, kasefa kopyapyala kotero kamalowetsa mchenga wosalala umene umapala masilinda. Kamayamwanso mpweya wotentha wa pamwamba pa ekisozi. Kuli bwino kuti wowotcherera akonze pansi pa chibokosi chakale cha sefa kuti chikhale pa Weber, mupitirize kugwiritsa ntchito sefa yapepala yaikulu.

Poyesa, khutu ndi msana zimanama, wotchi sinama. Sankhani chitunda chimodzi pa msewu wa phula wopanda anthu ambiri, mukhale ndi mnzanu wogwira wotchi ya pafoni. Mu giya yachitatu, kuchoka pa makilomita 30 kufika pa 70 pa ola, lembani masekondi. Mu giya yachinayi, kuchoka pa 50 kufika pa 80, lembaninso. Muyeso wachiwiriwu ndi umene umaulula kabureta yokulitsa, chifukwa ndi pamene mpweya uli waulesi. Za petulo, dzazani thanki mpaka pakamwa, pitani ku Katete n'kubwerera pa liwiro lokhazikika, mudzazenso pa pampu yomweyo, mugawe makilomita ndi malita. Mukangofika, zimitsani injini osaisiya pa idling, masulani mapulagi. Akuda ndi mwaye wouma akunena kuti petulo wachuluka. Oyera mbee, makamaka okhala ndi timadontho ngati tsabola, akunena kuti wachepa, ndipo zimenezo ndi zoopsa kuposa zoyambazo. Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sapaka pulagi mtundu msanga ngati wakale, choncho pulagi yotuwa pang'ono musaiope. Mukapeza galaja yokhala ndi makina oyeza utsi kapena sensa ya wideband, lipirani, chifukwa imaonetsa zimene pulagi imangolozera: paulendo wamba mukhale pafupi ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndipo mutaponda zonse mukhale pakati pa 12.5 ndi 13.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe m'kabuku jeti imene mwachotsa ndi imene mwaika. Yesani Hitachi itakonzedwa kaye kuti mukhale ndi manambala oyerekezera. Kenako pemphani mnzanuyo akubwerekeni 32/36 kwa sabata imodzi musanalipire, muiyese pa chitunda chomwecho, ndi munthu yemweyo pampando wa kumanzere, nthawi yomweyo ya tsiku. Hitachi yanu isungeni m'bokosi pamodzi ndi chibokosi cha sefa ndi mabauti ake onse, chifukwa 120Y yokhala ndi zida zake zoyambirira ikusowa, ndipo wodzaigula kapena mwana wodzailandira adzazifunsa.